Mankhwala a malungo amasintha, Chikhulupiriro cha Atumwi sichisintha: nanga wodziwa ndani?

Malume anga akhala mkulu wa mpingo kwa zaka zambiri, ndipo ali ndi funso lomwe amakonda kundiponyera tikakhala pakhonde. "Iwe mphwanga, anthu ako asayansiwa amadziwa chiyani kwenikweni? Tili anyamata ankatimwetsa chloroquine, owawa ngati ndulu, usiku wonse kumangodzikanda. Kenaka anati ayi, ameneyu watha mphamvu, imwani Fansidar. Tisanamuzolowere n'komwe, akuti LA. Nanga mawa adzati chiyani? Ife Chikhulupiriro cha Atumwi chomwe ankanena agogo ako ndi chomwe timanena Lamulungu lililonse, osachotsapo ngakhale liwu limodzi. Ndiye wodziwa ndani pamenepa?"

Funsoli si lachibwana, ndipo zomwe malume aona ndi zoona. Dziko la Malawi linasiya chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo mu 1993, ndipo linali dziko loyamba mu Africa kuchita zimenezi. SP, amene ambiri timamudziwa ndi dzina loti Fansidar, anagwira ntchito mpaka 2007 pamene LA analowa m'malo mwake. Pomwe ine ndimasiyana nawo m'poti iwo amayesa ziwirizi ndi muyeso umodzi, ngati kuti chosagwedezekacho ndiye chapambana mpikisano. Sayansi ndi chiphunzitso chokhazikika cha chipembedzo zimapeza chomwe zimatcha choona m'njira zosiyana, ndipo zimachita zosiyana munthu akadzuka n'kunena kuti "apa mwalakwitsa". Mbiri ya malungo ikuonetsa kusiyanaku bwino kuposa mtsutso wina uliwonse womwe ndinaumvapo.

Kwa zaka mazana ambiri madokotala a ku Ulaya ankaphunzitsa kuti malungo amabwera ndi mpweya woipa wotuluka m'madambo. Dzina lomwe azungu amatchulira nthendayi linachokera ku Chitaliyana, ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo, mpweya woipa. Sanali opusa. Ankaona kuti okhala pafupi ndi zithaphwi ndiwo amadwala kwambiri, ndipo okhala kumapiri amapepukidwa. N'chimodzimodzi ndi zomwe tinkauzidwa tili ana, zoti ukadya nzimbe zosakhwima kapena ukanyowa ndi mvula udwala malungo: zinthuzo zimachitikadi nyengo imodzi, koma kuyendera limodzi sindiko kuberekana. Amishoni oyamba kufika kuno anabwera ndi maganizo a mpweya woipawo. Bishopu Charles Mackenzie, amene anatsegula mishoni ya Magomero mu 1861, anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862 kufupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire, bwato litagubuduzika n'kutaya kwinini amene anali naye. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka inakwera phiri kupita ku Khondowe mu 1894, ndipo chimodzi mwa zomwe zinkawasamutsa chinali malungo omwe ankawatha.

Mu 1879 akatswiri awiri otchuka, Edwin Klebs ndi Corrado Tommasi-Crudeli, analengeza kuti apeza bakiteriya woyambitsa malungo m'dothi la madambo a kufupi ndi Rome. Ambiri anawakhulupirira chifukwa zinkagwirizana ndi zomwe ankadziwa kale. Chaka chotsatira, mu Novembala 1880, dokotala wa asilikali a France wotchedwa Alphonse Laveran, ali ku Constantine m'dziko la Algeria, anaika dontho la magazi a wodwala pa maikulosikopu n'kuona tinthu tamoyo tikugwedezeka m'magazimo. Sanali bakiteriya uja. Akuluakulu a zachipatala anamukayikira kwa zaka zingapo, koma chomwe ananena chinali choti aliyense wokhala ndi maikulosikopu akanatha kuchiyang'ana yekha. Anayang'ana, anationa, ndipo bakiteriya wa Klebs anaiwalika. Pa 20 Ogasiti 1897, Ronald Ross, ali ku Secunderabad ku India, anang'amba udzudzu womwe unali utaluma wodwala n'kupeza tizirombo tomweto m'mimba mwake. Ku Italy, Giovanni Battista Grassi ndi anzake anaonetsa mu 1898 ndi 1899 kuti udzudzu wa mtundu wa Anopheles ndiwo umafalitsa malungo a anthu.

Komabe okayika analipo, ndipo zomwe zinachitika mu 1900 ndizo ndimafuna malume atazimvetsa. Patrick Manson, dokotala wa ku London amene ankalimbikitsa Ross, anakonza mayeso awiri. Poyamba, madokotala awiri, Louis Sambon ndi George Low, anakakhala nyengo yonse ya malungo kufupi ndi Ostia, dera la madambo kunja kwa Rome komwe anthu ankadwala koopsa. Ankagona m'kanyumba kotchingidwa ndi sefa m'mawindo ndi m'zitseko, kulowa dzuwa lisanalowe, kutuluka litatuluka. Mpweya ankapuma womwewo wa m'dambo, usiku ndi usana. Sanadwale, pamene anthu owazungulira ankagwa ndi malungo. Chachiwiri, anatenga udzudzu womwe unaluma odwala ku Rome n'kuutumiza ku London, komwe kunalibe malungo, ndipo unakaluma mwana wake wa Manson yemwe, amene anadzipereka yekha. Mnyamatayo anadwala malungo, tizirombo tinaoneka m'magazi ake, ndipo anachira ndi kwinini.

Taonani mmene mayesowa anakonzedwera. Manson anaika maganizo ake pamalo poti akanatha kugwa pamaso pa dziko lonse. Sambon ndi Low akanadwala ali m'kanyumba kawo, nkhani ya udzudzu ikanathera pomwepo. Mwana wake akanapanda kudwala, chimodzimodzi. Iye ananeneratu chomwe chikanamutsutsa, kenaka n'kupita kukachifunafuna. Uwu ndiwo mtima wa sayansi, ndipo katswiri wa nzeru zakuya Karl Popper anadzaufotokoza m'zaka za m'ma 1930 ponena kuti mfundo imakhala ya sayansi ngati pali china chomwe chitachitika chingaigwetse. Mfundo yomwe imagwirizana ndi chilichonse chomwe chingachitike siyesedwa, choncho sitingaidziwe mwa njira ya sayansi kuti ndi yoona kapena ayi.

Tsono titembenukire kwa malume ndi mawu awo a Lamulungu. Chiphunzitso chokhazikika, chomwe m'mabuku a zaumulungu amachitcha dogma, ndi mfundo yomwe chipembedzo chimanena kuti inavumbulutsidwa ndi Mulungu, ndipo wokhulupirira aliyense ayenera kuivomera. Chitsanzo chodziwika ndi cha msonkhano wa mabishopu wa ku Nicaea mu 325, womwe anaitanitsa mfumu Constantine. Wansembe wina wa ku Alexandria, Arius, ankaphunzitsa kuti Mwana analengedwa ndi Atate, moti inalipo nthawi yomwe Mwanayo kunalibe. Mabishopu anakambirana, anasanthula malemba, ndipo anagamula kuti Mwana ndi wobadwa, sanachite kulengedwa, ndipo ali ndi umulungu umodzi ndi Atate. Otsutsa anachotsedwa mumpingo. Mawuwo anawonjezeredwa ku Constantinople mu 381, ndipo akunenedwabe m'matchalitchi mpaka lero. Mu Mpingo wa Katolika, chiphunzitso chomaliza kulengezedwa ndi Papa mwa njira yotere chinali cha mu 1950, pamene Pius XII ananena kuti Maria anatengedwa kupita kumwamba ndi thupi ndi mzimu womwe.

Mabishopu a ku Nicaea anali anthu ophunzira, odziwa kutsutsana mwakuya. Kusiyana kwawo ndi Manson sikuli pa nzeru. Kuli pa gwero la yankho. Funso loti Mwana ndi wofanana ndi Atate kapena ayi lilibe kanyumba kotchinga ndi sefa komwe mungakagonemo kuti muone zotsatira. Yankho lake limachokera ku malemba, ku mwambo wa mpingo ndi ku ulamuliro wa omwe apatsidwa udindo womasulira. Likangokhazikitsidwa, ntchito ya mibadwo yotsatira ndi kulisunga ndi kulifotokoza bwino, chifukwa ngati linachokeradi kwa Mulungu palibe umboni watsopano womwe ungalipose. Chipembedzo sichibisa zimenezi. Kalata ya kwa Ahebri imafotokoza chikhulupiriro ngati kutsimikiza za zinthu zosaoneka, ndipo Tomasi, amene anafuna kuona ndi kukhudza mabala, anauzidwa kuti odala ndi omwe akhulupirira asanaone. M'labotale Tomasi ndiye wantchito wabwino. Bungwe lakale la asayansi la Royal Society, lomwe linayamba ku London mu 1660, linasankha mawu a Chilatini oti Nullius in verba kukhala chizindikiro chake, kutanthauza kuti usavomere chinthu chifukwa chakuti wina wanena.

Pali munthu mmodzi m'mbiri yathu amene ananyamula zonse ziwiri. Robert Laws anali dokotala komanso m'busa, ndipo anakhala kuno kuyambira 1875 mpaka 1927. Udokotala womwe anaphunzira ku Scotland sunkadziwa za kachirombo ka Laveran kapena udzudzu wa Ross. Pomwe ankabwerera kwawo, mutu wa malungo m'mabuku a udokotala unali utalembedwanso wonse. Chikhulupiriro cha Atumwi chomwe ankaphunzitsa a m'kalasi chinali chomwe chija anabwera nacho. Palibe chodabwitsa pamenepa: buku lina linalembedwa kuti lizikonzedwa, linalo kuti lizisungidwa.

Nanga chloroquine wa malume uja? Sanali bodza. Ankachiritsadi, koma tizirombo ta malungo timaswana mwaunyinji, ndipo mwa apo ndi apo kamabadwa kena kosinthika pang'ono m'chibadwa chake, kotha kutulutsa mankhwalawo asanakaphe. Mankhwala akamagwiritsidwa ntchito paliponse, tizirombo tomva mankhwala timafa, totsalato n'kudzaza dziko, monga anankafumbwe omwe atsala m'nkhokwe yothiridwa mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka. Madokotala anaona ana akumwa chloroquine koma osachira, anayeza magazi, anawerenga, ndipo boma linasintha. Chosangalatsa chinadza pambuyo pake. Chloroquine atachotsedwa, tizirombo tosamva tija tinayamba kuchepa m'Malawi, chifukwa popanda mankhwalawo tinzake tomva mankhwala tija tinkaswana bwino kuposa ito. Mu 2005 ofufuza anayesa ana 210 odwala malungo ku Ndirande mu mzinda wa Blantyre, ena n'kuwapatsa chloroquine, ena SP. Chloroquine anachiritsa ana 99 mwa 100 alionse, SP ana 21 okha. Mankhwala omwe anatayidwa mu 1993 anali atayambanso kugwira ntchito, omwe anabwera kudzawalowa m'malo ndiwo anali atafooka. Boma silinabwerere ku chloroquine, mwa zina chifukwa m'maiko oyandikana nafe tizirombo tosamva tinali tidakalipo ndipo tikanabwerera msanga. Koma zotsatirazo zinasindikizidwa mu 2006 monga zinalili, ngakhale zinali zosayembekezeka kwa anthu ambiri.

Ndiye malume akamati asayansi sakhazikika, pali zinthu ziwiri zomwe akuziphatikiza. Nthawi zina mfundo imasintha chifukwa inali yolakwika, monga mpweya woipa uja. Nthawi zina imasintha chifukwa dziko lenilenilo lasintha, monga tizirombo tomwe tasiya kumva mankhwala. Ndipo si zonse zomwe zimagwedezeka. Zoti udzudzu ndiwo umafalitsa malungo zayesedwa kambirimbiri kwa zaka zoposa 120, ndipo neti iliyonse yomwe yatchinjiriza mwana ndi mayeso enanso. Mwalamulo la sayansi khomo likadali lotsekula kuti wina adzatsutse, koma wobwera kudzatsutsayo afunika kusenza umboni wolemera kuposa mulu wonsewo.

LA yemweyo ali ndi nkhani yomwe imandigwira mtima. Mbali imodzi ya mankhwalawa, artemether, imachokera ku artemisinin, amene anapezeka ku China. Mayi wina wasayansi, Tu Youyou, ndi gulu lake anafufuza njira zamakolo zochizira zoposa 2,000, ndipo m'buku la Ge Hong, sing'anga wa zaka za m'ma 300, anapeza malangizo oviika chitsamba china m'madzi ozizira n'kuchifinya. Izi zinamupatsa ganizo loti kuwiritsa kunkaononga mphamvu ya chitsambacho. Anasintha njira yotengera mankhwalawo, anayesa pa mbewa ndi pa anyani mu 1971, anamwa iye mwini kuti aone ngati ndi oopsa, kenaka anayesa pa odwala. Analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Buku lakale analilemekeza, koma linangomulozera njira. Mbewa zikanafa, buku la Ge Hong likanabwezedwa pa shelefu limodzi ndi njira zina mazanamazana zomwe zinalephera mayeso. Wokhulupirira sachita zotero ndi buku lake lopatulika, ndipo chipembedzo chake sichimuyembekezera kutero.

Apa mpomwenso pamaonekera kusiyana kwina komwe anthu sakutchula kawirikawiri: mmene mikangano imathera. Akhristu akasemphana pa chiphunzitso, nthawi zambiri mapeto ake ndi mipingo iwiri, monga zinachitikira pakati pa Rome ndi Constantinople mu 1054, komanso pambuyo pa Martin Luther mu 1517. Alibe choyezera chomwe mbali zonse zingagwirizane kuti chiweruze. Ross ndi Grassi nawo anadana koopsa, kulimbirana ulemu wa yemwe anayamba kutulukira, ndipo Ross, amene analandira Nobel mu 1902, ananyoza mnzakeyo kwa zaka zambiri. Asayansi ndi anthu, nsanje ndi mtima wofuna kutchuka ali nazo. Koma lero kulibe malungo a otsatira Ross ndi malungo a otsatira Grassi. Woyeza magazi wachisilamu ku Mangochi, wachikatolika ku Dedza ndi wosapembedza ku Beijing akaika dontho limodzi pa maikulosikopu amaona kachirombo kamodzi.

Mavuto amayamba chimodzi chikalowa m'munda wa chinzake. Mu 1633 akuluakulu a mpingo ku Rome anakakamiza Galileo Galilei kukana zoti dziko limazungulira dzuwa, potsamira mavesi monga a Yoswa oimitsa dzuwa, ndipo anamutsekera m'nyumba mpaka imfa yake mu 1642. Funsolo linali loyezeka ndi makina oonera kutali komanso masamu, koma linaweruzidwa ngati la ku Nicaea. Mu 1992 Papa John Paul II anavomera poyera kuti oweruza Galileo analakwitsa. Kwathu kuno zotere zimaoneka mwana akatentha thupi, makolo n'kuuzidwa ndi mneneri wina kuti kupita kuchipatala n'kuchepa chikhulupiriro. Tamverani mmene mawu ake amakhalira: akachira, pemphero lagwira ntchito, akapanda kuchira, chikhulupiriro chanu chinali chochepa. Khomo lililonse lotulukira latsekedwa, palibe chotsatira chomwe chingaonetse kuti mneneriyo walakwitsa. Pa nkhani ya kumwamba zimenezo n'zomveka. Pa nkhani ya tizirombo tomwe tingawerengedwe m'magazi, ine ndimaona kuti n'kuba mawu a chipembedzo pofuna kuthawa mayeso, ndipo wolipira ndi mwana.

Sayansi nayo imatha kusanduka chiphunzitso chosatsutsika, ndipo chitsanzo choopsa chinachokera m'dziko lomwe boma lake linkakana Mulungu. Ku Soviet Union, Trofim Lysenko ankakana sayansi ya chibadwa cha zamoyo, n'kumalonjeza zokolola zochuluka ndi njira zake. Wolamulira dzikolo, Stalin, anamuikira kumbuyo, ndipo mu 1948 maganizo ake analengezedwa kukhala okhawo ololedwa. Omutsutsa anachotsedwa ntchito, ena anamangidwa. Nikolai Vavilov, katswiri wamkulu wa mbewu, anali atafera kale m'ndende ku Saratov mu 1943. Lysenko ankavala chovala cha sayansi, koma yankho lake linkachokera ku mpando wa wolamulira, ndipo kufunsa kunali mlandu. Chodabwitsa n'chakuti sayansi yomwe ankaiponderezayo anaiyambitsa ndi wansembe wa m'nyumba ya amonke, Gregor Mendel, amene anawerenga nsawawa zake m'dimba ku Brno n'kusindikiza zotsatira mu 1866. Choncho mzere wolekanitsa sudutsa pakati pa opemphera ndi osapemphera. Georges Lemaître, amene mu 1927 anaonetsa ndi masamu kuti chilengedwe chikufutukuka, anali wansembe wachikatolika, ndipo sanakondwe pamene Pius XII mu 1951 analankhula ngati kuti sayansi imeneyi yatsimikiza nkhani ya kulenga. Ankadziwa kuti masamu ake atha kudzakonzedwa mawa, ndipo sanafune kuti chikhulupiriro chake chimangiriridwe pa chinthu chotero.

Ndiyenera kuvomerezanso malire. Maikulosikopu ingakuuzeni chomwe chapha mwana, koma singakuuzeni chifukwa chake moyo wa mwanayo unali wamtengo wapatali, kapena choti munene kwa mayi ake pa siwa. Pamenepo malume ndi anzawo a mumpingo ndiwo amagona pamaliro, amaimba mpaka mbandakucha, ndipo ine ndi mabuku anga timangokhala chete. Nayonso sayansi yoona imanena yokha pomwe yalekezera. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene Malawi linali dziko loyamba kuyamba kumupereka kwa ana mu Epulo 2019, sanalengezedwe ngati chozizwitsa. Ofufuza ananena poyera kuti pa mayeso akuluakulu anachepetsa kudwala malungo ndi magawo pafupifupi 4 mwa 10, n'chifukwa chake azaumoyo amati mwana wobayidwa azigonabe m'neti.

Nditawafotokozera zonsezi, malume anangoti, "Ndiye ukutanthauza kuti LA nayenso adzatha?" Ndinawauza kuti n'zotheka ndithu. Tizirombo tochedwa kufa ndi artemisinin tinayamba kuoneka ku Cambodia m'zaka za m'ma 2000, ndipo kuyambira 2020 ofufuza atipezanso ku Rwanda, Uganda ndi Eritrea. N'chifukwa chake azaumoyo amatenga ana odwala nthawi ndi nthawi, kuwapatsa LA n'kuwatsatira kwa masiku 28 kuti aone ngati tizirombo tabwerera m'magazi. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mankhwala akayamba kulephera pa odwala oposa 10 mwa 100 alionse, dziko lisinthe. Malume anapukusa mutu, nafunsa ngati ndabweretsa shuga wa tiyi.